Amene Akunditcha Merkle Andimvere Kaye

Inde, kanema uja wa masewero a softball akuntchito, amene anthu akunditchulira Merkle, ndi weniweni, ndipo bambo wothamangira kowotchera nyama manja ali m'mwamba ndine. Koma mlandu wangawu unayamba ndisanabadwe.

Pa 23 September 1908, pabwalo la Polo Grounds, New York Giants inkasewera baseball ndi Chicago Cubs, matimu onse akulimbirana ukatswiri wa National League. Inali inning (chigawo cha masewero) yachisanu ndi chinayi, yomwe ndi yomaliza, zigoli 1-1, osewera awiri a Giants atatulutsidwa kale. Moose McCormick anali pa base yachitatu (ma base ndi malo amene wosewera amaponda motsatizana pozungulira bwalo kuti alowetse chigoli), Fred Merkle, mnyamata wa zaka 19, pa yoyamba. Al Bridwell anamenya mpira wodutsa pakati, McCormick n'kulowetsa chigoli chooneka ngati chopambanira. Ochemerera anakhamukira m'bwalo, ndipo Merkle anapatukira kosinthira zovala osaponda base yachiwiri.

Lamulo lake ndi ili: womenya akamathamangira base yoyamba, amene anaima pamenepo ayenera kukafika pa yachiwiri. Mpira ukamutsogolera kumeneko watuluka, ndipo akakhala wachitatu kutuluka, chigoli cha mnzake chimafufutika ngakhale chitalowa kale. Johnny Evers wa Cubs ankalidziwa lamuloli. Anapeza mpira m'chipwirikiticho, anaponda base, woyimbira Hank O'Day n'kugamula kuti Merkle watuluka. Masewero anathera 1-1, matimu anamaliza ligi atafanana, ndipo pobwereza pa 8 October Cubs inapambana 4-2.

Nkhani yonseyi ndinaifotokoza ndekha, m'mawa wa tsiku lomwelo la softball (masewero ofanana ndi baseball) ya akuntchito kuno ku Chicago, ndikuyala zitsekero za mabotolo patebulo m'malo mwa ma base. Amene ankamvetsera kwambiri anali mtsikana wa sekondale, mwana wa mnzanga wa timu inayo. Ndinachita kumubwerezera kuti amvetsetse.

Madzulo zinangokhala chimodzimodzi: awiri atuluka, mnzathu pa yachitatu, ine pa yoyamba. Mpira uja phaa! Mnzathu walowa. Abale, mphepo inachokera kowotchera soseji kuja, miyendo n'kusankha yokha njira. Ndinathamanga liwiro limene sindinalionepo chichokere ku pulayimale, mimba patsogolo, chipewa chitagwa, ndikukuwa "Tawina!" m'Chichewa kwa anthu osamva Chichewa. Ndinakumbatira wowotcha nyama, munthu wosamudziwa n'komwe. Ndinatenga mbale. Ndinasankha buledi. Ndinali pakati pofunsa komwe kuli anyezi pamene ndinazindikira kuti bwalo lonse lili zii. Kucheuka, mtsikana uja waima pa base yachiwiri, mpira m'manja, akundiyang'ana mwaulemu wonse ngati mwana wodikira kuti aphunzitsi amuchongere.

Tsono tiyeni tikambe chilungamo. M'masiku a Merkle osewera ambiri ankatero pothawa chikhamu, oyimbira osalabadira. O'Day yemweyo, pa 4 September ku Pittsburgh, Evers atadandaula za chinthu chomwechi, chigoli anachisiya. Ndiye kuti Merkle anangotsatira mwambo, ndipo ine ndinangotsatira Merkle. Komanso mphunzitsi wa pa base yoyamba ntchito yake n'kukuwa kuti munthu athamangire kutsogolo. Wathu anali kutsogolo kwanga, atanyamula kale mbale yake, koma wojambula kanema sanamuonetse chifukwa ndi mlamu wake.

Tinagonja mu inning yowonjezera. Soseji nayonso inali yosapsa m'kati.