Phunziro likukana kutsegula? Si nthawi zonse pamene ili netiweki

Ife amene tikuphunzira pa intaneti tili ndi nyimbo imodzi, chilichonse chikavuta timangoti netiweki. Vidiyo ikuzungulira, netiweki. Asayimenti sinafike kwa alekichala, netiweki. Inde netiweki yathu imavuta ndithu, sindikukana, koma chiyambireni 2020 pamene korona inatseketsa sukulu mu March ndipo ambiri tinakankhidwira pa Moodle (tsamba limene sukulu imaikapo manotsi, asayimenti ndi makwizi), Zoom ndi Google Classroom, mavuto ochuluka amene ndaona anzanga akulira nawo amakhala mufoni mwawo momwemo kapena mulaputopu. Kaya muli pa ODL (maphunziro ophunzira uli kutali ndi sukulu) ya ku Mzuni kapena ku LUANAR, kaya mukupanga kakosi ka pa Coursera, zinthu zake ndi zomwezomwezi.

Yambani ndi bandulo. Anthu ambiri amagula ya WhatsApp kapena ya Facebook poti ndi yotchipa, ndiye a class rep akaponya linki pa gulu inu mumaiona bwinobwino, mukadina basi tsamba loyera. Linki ija imatsegukira ku Chrome, kunja kwa WhatsApp, ndipo kumeneko bandulo yanu ija sigwira, pamafunika data wamba. Muyese kutsegula google.com kaye, ikakana pamene mauthenga a WhatsApp akulowa, musavutike nkukwera pachulu, onani balansi.

China chimene anthu sachiganizira nkomwe ndi deti. Magetsi akathima nthawi yaitali foni nkuzimiratu, kapena laputopu yakale ija kabatire kake kam'kati kosunga nthawi katatha, deti imabwerera m'mbuyo zaka. Mukatsegula tsamba la sukulu Chrome imalemba kuti "Your clock is behind" kapena "Your connection is not private", munthu nkuyamba kuopa kuti amubera akaunti. Nkhani yake ndi yoti tsamba lililonse lotetezedwa lili ndi setifiketi imene ili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiye makina anu akamaganiza kuti tili mu 2015 amaona ngati setifiketiyo ndi yabodza. Pitani ku Settings, muyatse zoti deti ndi nthawi zizisintha zokha, mutsegulenso.

Tsopano za vidiyo yozungulira. Apa netiweki imakhudzidwadi koma mukhoza kuithandiza. Tsitsani quality ifike pa 360p ngakhale 240p, nkhope ya mphunzitsi mukuifuniranji, bola mawu akumveka ndipo ma slide akuwerengeka. Pa Zoom thimitsani kamera yanu, mawu okha amadya data wochepa kwambiri poyerekeza ndi vidiyo, ndipo mawu aja amasiya kudukaduka. Amene mumalumikiza laputopu ku hotspot ya foni samalani ndi Windows, ikangomva intaneti imayamba kudawuniloda ma update mwakachetechete, inu muli busy kumvera phunziro bandulo ya 1GB nkutha musanafike pakati. Pa Wi-Fi settings pali pamene alemba metered connection, yatsani pamenepo. Play Store nayonso muiletse kuchita update yokha. Ndipo ngati sukulu yanu ili pa Moodle, ikani apu yake pafoni, imalola kudawuniloda manotsi nkumawerenga opanda intaneti, ndiye mukapeza Wi-Fi kapena bandulo ya usiku kokani zonse za sabata imeneyo.

Koma pamene pamandiwawa kwambiri ndi pa asayimenti, chifukwa apa anthu amataya mamalikisi ntchito ataigwira. Pa Moodle alekichala ena amaika kuti ukakweza fayilo udinenso batani lina la "Submit assignment". Iwe wakweza, wadina Save changes, waona dzina la fayilo likuoneka, wapita kukagona mtima uli m'malo, osadziwa kuti pamwamba alemba "Draft (not submitted)". Kwa mphunzitsi ndiye kuti sunapereke. Musachoke patsambalo mpaka muone mawu oti "Submitted for grading", mukawaona jambulani sikirinishoti nthawi ikuoneka pakona. Zili ngati kutumiza ndalama pafoni, suchoka pa ejenti meseji isanalowe.

Nthawi zinanso fayilo imakana kukwera chifukwa chakukula. Pamalo pokwezera pamalembedwa malire ake, pena 2MB pena 5MB malingana ndi mmene aikira, koma ndani amawerenga timalemba ting'onoting'ono tija. Amene mumalemba pamanja nkujambula mapepala, chithunzi chimodzi cha foni za masiku ano chikhoza kupitirira malirewo pachokha, nanji masamba asanu ndi limodzi. Gwiritsani ntchito Scan ya mu Google Drive kapena apu ina yosikanira, imaphatikiza masamba onse mu PDF imodzi yopepuka komanso imawerengeka bwino kusiyana ndi zithunzi za mthunzi wa dzanja lanu zija. Ndipo chonde osadikira 11:50 usiku deadline itatsala pang'ono, kalasi yonse imakhala ikukweza nthawi yomweyo, seva imalemedwa.

Kwizi ili ndi zake. Intaneti ikaduka muli pakati, wotchi yowerenga nthawi ya kwizi siima ayi chifukwa imawerengera ku seva osati pafoni panu. Chabwino chake Moodle imasunga mayankho pakanthawi kalikonse, ndiye musayambe kulira kapena kulemba madandaulo pa gulu nthawi ikupita, bwererani msanga, loginaninso, mupeza batani lopitirizira pamene munalekera. Musanayambe kwizi onetsetsani kuti batire ili yodzaza, bandulo ilipo yokwanira, ndipo ngati muli ndi foni ya ma SIM awiri ina ikhale ndi kadata kapadera.

Amene mukupanga makosi akunja onaninso nthawi yake ndi yakuti. Malawi ili patsogolo ndi maola 2 pa GMT chaka chonse, pamene ku London amasintha wotchi, kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October timasiyana ola limodzi lokha. Kalasi ya 2 koloko masana kwawoko ikhoza kukhala 3 koloko kapena 4 koloko kuno kutengera mwezi.

Za pasiwedi sinditaya nthawi, kawirikawiri ndi foni imene yakuza chilembo choyamba yokha kapena yaika mpata kumapeto. Imelo yosinthira pasiwedi ikachedwa yang'anani mu Spam. Tsamba likamaonetsa zakale kapena mabatani osadinika, tsegulani pa Incognito (zenera lachinsinsi la mu Chrome), likagwira kumeneko ndiye kuti ndi cache, zakale za tsambalo zimene Chrome imasunga, ifufuteni.

Zonsezi zikakanika ndiye lembani kwa a ICT kapena kwa alekichala, koma osangoti "Bwana sizikutheka". Munthuyo ali ndi ophunzira mazana, ayambira pati. Tchulani dzina lanu ndi nambala yanu ya sukulu, kosi yake, phunziro kapena asayimenti iti, mukugwiritsa foni kapena laputopu, Chrome kapena apu, mawu enieni amene akutuluka pasikirini, ndipo muike sikirinishoti. Mutumize nthawi yomweyo deadline isanakwane, ngati ndi asayimenti muphatikizenso fayiloyo pa imelo pomwepo kuti aone kuti ntchito inali itatha kale.