Singano ya kudansi si ya pabalaza

Ambiri akamagula turntable, makina oimbira mbale za nyimbo, amafunsa za mota ndi dzina la kampani, koma chimene chimakhudza mbale n'chimodzi chokha, kansonga ka dayamondi kumapeto kwa mkono. Kansongako ndiye singano. Kabokosi komwe singano imalowamo, kamene kamasandutsa kunjenjemera kwake kukhala magetsi, ndiye katiriji. Apa ndi pamene DJ amapulumutsira mbale zake kapena kuziphera.

Makatiriji odziwika alipo a mitundu iwiri, MM (moving magnet, omwe mkati mwake mumagwedezeka maginito) ndi MC (moving coil, omwe mumagwedezeka kawaya kokulungidwa). A MC asiyeni, ndi a anthu omvera nyimbo ali phee pabalaza. Mphamvu yomwe amatulutsa nthawi zambiri siifika ndi 1 mV yomwe (mV ndi milivoti, muyeso wa mphamvu ya magetsi yaing'ono kwambiri), ndipo singano yake simungaisinthe nokha. Mikisa ya DJ inapangidwira a MM, omwe singano yake mumangoisolola n'kulowetsa ina.

Nkhani yaikulu ili pa kaumbidwe ka nsonga. Pali yobulungira, yomwe pabokosi amalemba spherical kapena conical, ndiye pali yosongoka m'mbali, elliptical. Yosongokayo imatola timawu tapamwamba bwino kwambiri, makamaka pa nyimbo za mkati pafupi ndi chizindikiro cha mbale. Koma DJ sasiya mbale kuti izingoyenda. Amaibweza m'mbuyo kufuna pomwe ng'oma yayambira, amaigwira, amaisiya, amaibwezanso. Malo amodzimodziwo akapalidwa kambirimbiri amayamba kulira ngati nyama ili m'mafuta nyimbo isanayambe, ndipo chilema chimenecho sichichoka. Nsonga yobulungira ndi imene imapirira nkhanza zotere, komanso siisamala kwambiri ngati katiriji yakhota pang'ono. Ndiye taganizirani mbale zomwe zimapezeka kuno ku Zomba. Zambiri ndi zija zazing'ono za 45 (zozungulira ka 45 pa mphindi) zotuluka m'masutikesi a makolo, za kanindo, rumba ndi simanjemanje, zomwe zinavinitsa anthu zaka zambiri ndi singano zosadziwika. Pa mbale zotopa choncho nsonga yosongoka imatola phokoso lililonse la fumbi ndi zokala. Ine ndimati yambani ndi yobulungira. Mukakumana ndi mbale zolemera zija za 78 za galamafoni, musaziyandikize singano zimenezi, timizere take tomwe singano imayendamo ndi totakata ndipo zili ndi singano yakeyake.

Kwa zaka zambiri katiriji yomwe ma DJ ambiri ankadalira inali Shure M44-7. Inkatulutsa 9.5 mV, singano yake inkapondereza mbale ndi kulemera kwa magalamu 1.5 mpaka 3, ndipo inkamatirira mu mzere ngakhale mbale ikokedwe motani. Shure inasiya kupanga makatiriji mu 2018. Mukaona M44-7 ikugulitsidwa lero, funsani kuti singano ili mmenemo ndi ya ndani, chifukwa thupi limakhalitsa koma singano yakale mphira wake wamkati umauma. Kampani ya Jico ya ku Japan imapanga singano zolowa m'malo mwake. Zopanda dzina zotchipa kwambiri zija, zikhoza kukudyerani mbale.

Ortofon ya ku Denmark ili ndi gulu la Concorde MkII, makatiriji aatali ngati mlomo wa mbalame omwe amalowa mwachindunji pamkono popanda mawaya kapena masikuluwu. Mix ndi ya oyamba, 6 mV pa magalamu 3. Ya dzina loti DJ imatulutsanso 6 mV koma imafuna magalamu 4. Scratch imafika 10 mV pa magalamu 4. Digital ndi 10 mV pa magalamu 3, ndipo inapangidwira omwe amaimba nyimbo za mu laputopu pogwiritsa ntchito mbale zapadera zoyendetsera mapulogalamu a Serato, Traktor kapena rekordbox. Mwa zisanuzi, Club ndi yokhayo ya nsonga yosongoka, 8 mV pa magalamu 3, yabwino ngati mbale zanu ndi zatsopano ndipo mumangosakaniza nyimbo osazipala. Chenjerani pogula singano zapadera, za MkII sizilowa pa Concorde zakale. Kwa amene thumba ndi lopepuka, Audio-Technica AT-XP3 ndi yokwanira ndithu, nsonga yobulungira, magalamu 2 mpaka 4, ndipo imamangidwa pa headshell wamba, kamutu kochotseka ka kumapeto kwa mkono.

Nambala ya mV isakunyengeni. Yaikulu sikutanthauza mawu okoma, imangotanthauza kuti simukweza kwambiri gain (kokuzira mphamvu ya mawu olowa) pa mikisa, ndiye kung'ung'uza kwa mawaya kumabisika. Chofunika ndi chakuti ma turntable onse awiri akhale ndi katiriji yofanana, kuti mawu asamatsike ndi kukwera mukamachoka mbale ina kupita ina.

Katiriji yodula yomangidwa molakwika imagonja kwa yotchipa yomangidwa bwino. Pa headshell pali timawaya tinayi. Koyera ndi ka mawu a kumanzere, kabuluu ndi kanzake, kofiira ndi ka kumanja, kobiriwira ndi kanzake. Tilowetseni ndi kopanira kakang'ono, osati zala, ndipo musawotcherere mtovu pa timapini ta katiriji, kutentha kumadula waya wam'kati. Mukasinthanitsa kamodzi ndi kanzake mbali imodzi, bezi imasowa ngati yabedwa. Pa Technics SL-1200 MK2, yomwe inatuluka mu 1979, ndi ena a mkono wokhota ngati S otengera iyo, nsonga ya singano ikhale mamilimita 52 kuchokera pa kamphira ka kumbuyo kwa headshell. Rula wamba imakwana. Thupi la katiriji liwongoke mofanana ndi m'mbali mwa headshell musanamange masikuluwu.

Kenako kulemera. Ikani anti-skate, kozungulira koletsa mkono kutsetserekera mkati mwa mbale, pa 0. Zunguzani chitsulo cha kumbuyo kwa mkono mpaka mkono uyandame wokha, osagwa osakwera. Gwirani chitsulocho, zunguzani kamphete ka manambala kokha kafike pa 0, ndiye zunguzani zonse pamodzi mpaka nambala yomwe opanga analemba. Concorde imalemera magalamu 18.5, motero pa mikono ina mumafunika kachitsulo kowonjezera kumbuyo. Kasikelo kakang'ono ka digito koyezera singano kamathetsa mkangano wonse. Anti-skate ikhale yofanana ndi kulemera kwa singano ngati mukungoimba nyimbo, koma ngati mumabweza mbale kwambiri itsitseni pafupi ndi 0, chifukwa imakokera mkono kunja ndipo singano imalumpha mbale ikamabwerera. Pomaliza onani kuti mkono wagona mofanana ndi mbale singano ili pansi.

Chizolowezi chomata ndalama yachitsulo pamutu pa katiriji chimandipweteka mtima. Kamtengo konyamula singano kamakhala pa kamphira kofewa. Mukakalemetsa, kamphirako kamaphwanyika, mimba ya katiriji imayamba kukhula mbale, ndipo timizere timaphwa msanga. Kupepukitsa nakonso n'koipa, singano imagwedezeka mu mzere n'kumagumula m'mbali. Singano ikamalumpha pa kulemera koyenera, vuto lili pena. Mwina tebulo lapendekeka, mwina mbale yapindika ndi dzuwa, mwina pansi pa holo ndi pa matabwa ndipo anthu akudumpha. M'matenti a zinkhoswe ku Matawale kapena ku Chinamwali, tebulo limaima pa udzu masipika a bezi ali pambali pomwepo. Bezi imalowa mu tebulo, singano imaitola, masipika amaikuzanso, mpaka zonse zimangobuula. Sunthani masipikawo apite kutsogolo, ndipo pansi pa turntable ikani silabu ya simenti yokhala pa mphira kapena siponji yolimba.

Kung'ung'uza kosatha nthawi zambiri ndi kawaya ka ground kochokera ku turntable komwe sikanamangidwe pa sikuluwu ya GND kumbuyo kwa mikisa. Mawu akakhala otsika ndi opyapyala, mwalowetsa ku LINE m'malo mwa PHONO. Mbali imodzi ikamazima n'kuyaka, masulani katiriji mupukute timapini tinayi ta kukamwa kwa mkono ndi kathonje ka spiriti ya isopropyl. Chinyezi cha kuno kunsi kwa phiri m'nyengo ya mvula chimatidetsa msanga, ndipo ndi chomwechonso chimameretsa nkhungu m'makava a mbale. Mu Okutobala mdani ndi fumbi. Kaburashi ka singano kaziyenda kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo basi, osati cham'mbali.

Audio-Technica imati nsonga yobulungira imatha pafupifupi maola 500, yosongoka 300, ndipo amenewo ndi maola a mbale zoyera. Wa kudansi achotserepo. Mawu a "s" akayamba kuthetheka, kapena kamtengo ka singano kakapendekera mbali imodzi mukakayang'ana kutsogolo, sinthani. Singano zimenezi sizipezeka wamba m'masitolo a kuno, choncho poitanitsa katiriji kuchokera ku South Africa kapena kwina, onjezani singano ziwiri zapadera nthawi yomweyo. Ponyamula zida pa minibasi kapena pa lole, vundikirani singano, mangani mkono pa choimikira chake, chotsani chitsulo cha kumbuyo chija, ndipo makatiriji akhale m'kabokosi kawo m'chikwama chomwe chili pamiyendo panu.