Kupatula ana a guzmania kuno ku Ulongué

Guzmania lingulata, duwa lodzala m'miphika lomwe limafiira pamwamba likamachita maluwa, imachita maluwa kamodzi kokha, kenako imafa pang'onopang'ono, koma isanafe imatulutsa ana m'tsinde ngati nthochi. Yanga itayamba kufwifwa pamwamba sindinathamangire mpeni. Ndinadikira mpaka ana atafika pafupifupi theka la msinkhu wa mayi wawo, poti ukawachotsa ali aang'ono kwambiri sagwira msanga.

Nthawi itakwana ndinakhuthula m'phika wonse, n'kudula mwana aliyense pomwe walumikizana ndi mayi, ndi mpeni wakuthwa wotsuka bwino. Pabala ndinapakapo phulusa, n'kuwasiya pamthunzi kuti paume kaye.

Pa dothi m'pomwe ambiri amaphera duwali. Ndi la banja limodzi ndi chinanazi, koma kwawo, m'nkhalango za mvula za ku Central ndi South America, limamera pa nthambi za mitengo. Mizu yake ntchito yaikulu n'kugwirira basi. Dothi lathu la kuno ku Angónia, lomwe kachewere amachita nalo bwino, limasunga chinyezi ndipo mizu imeneyi imaola. Ine ndinasakaniza makungwa a paini, makala ophwanya ndi kamchenga ka kumtsinje, m'kam'phika kakang'ono kobowola pansi. Mwana sakwiriridwa kwambiri. Tsinde lingolowa pang'ono, ndipo poti amagwedera ndinamuchirikiza ndi timitengo.

Madzi ndimathira pakati, m'kachikho komwe masamba amapanga, ndipo ndimakonda a mvula chifukwa a pamjigo amasiya zoyerayera pamasamba. Sabata iliyonse ndimapendeketsa m'phika, kutaya akalewo n'kuthira atsopano. Izi musazinyalanyaze: mukasuzumira m'kachikho kokhalitsa muona tiana ta udzudzu tikuvinavina, pakhonde panu pomwe!

Dzuwa lamasana limawaula masamba, choncho anawo ali pakhonde pomwe pamafika kuwala kokha. Anzathu a mu mzinda wa Tete, komwe mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, nkhondo yawo ndi imeneyo. Ife yathu ndi chisanu cha Juni ndi Julayi. Kukatsika pansi pa madigiri 10 duwali limavutika, ndiye usiku ndimalowetsa m'nyumba, madzi a m'kachikho n'kuchepetsa.

Mwana amatenga chaka mpaka zitatu kuti afiire. Akakula koma n'kumazengereza, khuthulani madzi m'kachikho, mumuveke pepala la pulasitiki pamodzi ndi apulo wakupsa kwa sabata imodzi, pamthunzi. Mpweya wa ethylene wochokera mu apulomo umamuyambitsa maluwa, ngakhale kufiirako kumaoneka patapita milungu ingapo.