Lamulo loyenda bwino ndi manja, lokanika m'manja mwa Capistrano

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikugwiritsa ntchito Capistrano poika mapulogalamu pa seva. Chida chimenechi anachilemba Jamis Buck m'chiyankhulo cha Ruby, ndipo poyamba chinkatchedwa SwitchTower. Ntchito yake ndi yosavuta kuimvetsa: chimalowa mu seva kudzera pa SSH (njira yotetezeka yolamulira kompyuta ili kutali), n'kukoka pulogalamu kuchokera ku Git (chida chosungira mafayilo a pulogalamu ndi mbiri ya kusintha kwake), n'kuiika mu foda yatsopano pansi pa `releases` imene dzina lake ndi tsiku ndi nthawi, kenaka n'kutembenuza cholozera chotchedwa `current` kuti chiloze ku fodayo. Mavuto amayamba pamene munthu afuna kuloŵetsa lamulo lakelake pakati pa masitepe amenewa.

Ine ndinkafuna kuti `npm run build`, lamulo lokonza mafayilo a pulogalamu limene limadalira Node (chida choyendetsera JavaScript), iziyenda nthawi iliyonse pulogalamu ikamaikidwa. Ndinalowa mu seva, ndinalilemba lamulolo ndi manja, ndipo linayenda popanda vuto lililonse. Koma nditaliika mu `deploy.rb`, fayilo ya malangizo a Capistrano, Capistrano inaima n'kundipatsa nambala 127, imene mu shell (pulogalamu yolandira ndi kuyendetsa malamulo olembedwa) imatanthauza kuti lamulo silinapezeke. Ndinathera madzulo onse ndikufufuza ngati Node inali itawonongeka, pomwe inali bwinobwino m'malo mwake.

Chimene sindinkachidziwa n'chakuti shell imene munthu amalandira akalowa mu seva si yofanana ndi imene Capistrano imalandira. Munthu akalowa, shell yotchedwa Bash imawerenga `.bash_profile` kapena `.profile`, ndipo mafayilo amenewa ndi amene amakonza `PATH`, mndandanda wa mafoda momwe malamulo amafunidwa. Capistrano imangotumiza lamulo limodzi n'kudikira yankho, choncho mafayilowo sawerengedwa. Pa Ubuntu nkhaniyi imakula chifukwa kumayambiriro kwa `.bashrc`, fayilo ina imene Bash imawerenga ikamayamba, kuli mizere imene imauza Bash kuti isapitirize kuwerenga ngati palibe munthu amene akulemba pa terminal, pamene nvm, chida chosinthira mitundu ya Node, imaika mizere yake kumapeto kwenikweni kwa fayiloyo. Masiku ano ndisanayambe kukayikira china chilichonse ndimalemba `ssh seva 'echo $PATH'` pa kompyuta yanga, chifukwa zimene zimatuluka pamenepo ndi zimene Capistrano imaziona.

Ena amathetsa vutoli posamutsira mizere ya nvm pamwamba pa `.bashrc`. Njirayi imagwira ntchito, koma ine sindiikonda, chifukwa kusinthako kumabisala mu seva ndipo tsiku limene mudzakonze seva ina simudzakumbukira. Ndimasankha kulemba `PATH` mu `default_env` ya Capistrano, malo a mu `deploy.rb` olembamo zinthu ngati `PATH` zoti malamulo azigwiritsa ntchito, kumene aliyense wowerenga pulogalamuyo adzaiona.

Nditatero ndinaganiza kuti ndamaliza, koma nambala 127 inabweranso, ndipo apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene chimagwetsa anthu ambiri mu Capistrano 3, yomwe inatuluka mu 2013 ndipo imayendetsa malamulo kudzera mu chida china chotchedwa SSHKit. Ndinali nditalemba `execute "npm run build"`, mawu onse pamodzi. SSHKit ikaona mpata m'mawu oyamba a lamulo, imalitumiza monga momwe lilili, osalikhudza konse: sililowetsedwa mu foda imene mwatchula ndi `within release_path` (foda yatsopano ija), ndipo `default_env` siigwiritsidwa ntchito. Lamulolo limayendera mu foda ya kunyumba ya wogwiritsa ntchito, kumene kulibe ngakhale `package.json`, fayilo imene npm imafuna. Kulemba `execute :npm, "run", "build"` ndiko kunakonza zonse. Kusiyana kwake ndi kochepa kwambiri m'maso, ndipo ndimaonabe kuti chida chikanayenera kuchenjeza munthu pa nkhani yotereyi. M'pofunikanso kukumbukira kuti `execute` iliyonse imayenda payokha, motero `cd` yolembedwa mu mzere umodzi imakhala itaiwalika pofika mzere wotsatira.

Lamulo lolephera poyera ndi labwino kuposa lolephera mwakachetechete. Capistrano imadziwa kuti zinthu zalakwika pokhapokha lamulo likabweza nambala yosakhala 0, koma mukalumikiza malamulo awiri ndi chizindikiro cha `|`, monga potumiza zotuluka ku `tee`, shell imabweza nambala ya lamulo lomaliza lokha, ndipo kulephera kwa loyamba kumakwiriridwa pokhapokha mutalemba `set -o pipefail`. Nayo `sudo`, yoyendetsera lamulo ndi mphamvu za woyang'anira seva, ikafuna mawu achinsinsi ilibe womufunsa.

Funso limene ndimalilingalira kwambiri ndi la malo amene lamulo liyenera kuima pa mndandanda wa masitepe. Chilichonse chokonza pulogalamu ndimachimangirira pambuyo pa sitepe yotchedwa `deploy:updated`, cholozera chisanatembenuzidwe, kuti chikalephera anthu apitirize kugwiritsa ntchito pulogalamu yakale osadziwa kuti china chake chinachitika. Pa nthawi imeneyo foda yoyenera ndi `release_path`, chifukwa `current_path` imakhala ikulozabe ku pulogalamu yakale, ndipo munthu wosasamala angathe kusintha mafayilo amene akugwira ntchito pa nthawi yomweyo. Kuyambitsanso pulogalamu ndiko kumadikira mpaka cholozera chitatembenuka. Kusintha kapangidwe ka database kumafuna kusamala kwina, popeza kuyenera kuchitika kamodzi kokha, pa seva imodzi, ngakhale ma seva atakhala anayi. Ndipo `cap production deploy:rollback` imabweza cholozera ku foda yakale, imodzi mwa zisanu zimene Capistrano imasunga, koma siibweza database mmene inalili.

Malamulo akapitirira awiri kapena atatu sindiwalembanso mu `deploy.rb`. Ndimawaika mu fayilo ya `bin/konza.sh` imene imasungidwa mu Git pamodzi ndi pulogalamu, mzere wake woyamba pansi pa mutu ndi `set -euo pipefail`, ndipo Capistrano imangoiitana ndi `execute :bash, "bin/konza.sh"` mkati mwa `within release_path`. Fayilo yomweyo ndimatha kuiyesa pa kompyuta yanga ndisanaikhudze seva.