Sabata yothamangitsana ndi chimfine chomwe sichikupha nkhuku

Ine ndine dokotala wa ziweto. Sabata yathayi yandithera pa famu imodzi ya nkhuku za mazira, ndipo ntchito yomwe inandikhetsa thukuta inali youza anthu kuti pali vuto pomwe nkhuku palibe yomwe yafa. Amanijala anaimba Lolemba m'mamawa, akuti mazira atsika, chakudya chikutsala m'zodyera, nkhuku zina zikuyetsemula, maso ali ndi timisozi, mazira ena akutuluka a zigoba zofewa. Iwo anali ataweruza kale kuti wogulitsa chakudya wawabera, amangofuna ine ndikavomereze kuti apeze pokalipira. Ndinaona kaye buku la katemera, wa chitopa zinalandira nthawi yake. Mukhola nkhuku zikuyendayenda bwinobwino, munthu wosadziwa angati palibe kanthu, koma ukaima phee n'kumvetsera umamva katimkonono m'khosi apa ndi apo.

Zizindikiro zimenezi sizitchula dzina la matenda ayi. Chitopa chofooka chimatero, matenda ena a m'chifuwa amatero, ngakhale mpweya woipa wa zitosi mukhola losapita mphepo umayetsemulitsa nkhuku. Ndiye tinatenga masampulo, kathonje kukhosi, kena kotulukira zitosi, magazi pa mtsempha wa phiko, zonse m'bokosi la ayisi ulendo wa ku labu.

Lachiwiri ndi pomwe ndinazungulira kuseri kwa makola. Kumunsi kuli damu, ndipo pa damupo abakha akutchire ali yakaliyakali, ena akusambira ena akuwothera dzuwa m'mphepete. Paipi yakuda ikuchokera pomwepo kukwera ku thanki. Ndinafunsa mnyamata wosamalira makola kuti achimwene, madzi awa ndi othirira chani? Akuti pampu ya pa mjigo inafa mwezi watha ndiye akhala akupopa a pa damu, omwewo akumwa nkhuku, omwewo otsukira zomwera, osathira kolorini olo pang'ono.

Apa ndi pomwe ndinayamba kuganizira za chimfine cha mbalame. Anthu ambiri akamva za matendawa amaganiza kuti bakha wakutchire amachita kutera mukhola n'kuyetsemulira nkhuku. Sizitero kawirikawiri. Mwa abakha, atsekwe ndi mbalame za m'mbali mwa nyanja, kachilomboka kamakhala m'matumbo, kamachulukana mommo n'kumatuluka ndi zitosi, mwini wake ali gwa osadwala. Mitundu ya kachilomboka imatchulidwa ndi zilembo H ndi N pamodzi ndi manambala, mwa mbalame H alipo 16 ndipo N alipo 9, ndipo pafupifupi yonse imapezeka mwa mbalame zam'madzi zomwezi, makamaka zazing'ono zomwe zangokula kumene chaka chimenecho. Zitosi zikagwera m'madzi kachilombo sikafa msanga, madzi akakhala ozizira kamatha masabata kapena miyezi kali moyo, kutentha ndi dzuwa ndi zomwe zimakafupikitsa. Ndiye njira yake ndi yapansi: madzi, matope a pa gambuti, matayala a wilibala, makoswe ndi timpheta tomwe timamwa ku damu kenako n'kudzatola chakudya chotayika pakhomo pa khola. Beseni la mankhwala lopondamo linalipo ndithu pakhomo, koma linali phala la matope lokhalokha, ndipo mankhwala ambiri ophera tizilombo akasakanikirana ndi ndowe ndi dothi mphamvu imatheratu.

Lachitatu kunabwera eni famu, bambo aulemu wawo koma osafuna zotaya nthawi. Funso lawo linali lomveka, adokotala, ngati sizikufa, mukunditsekeranji geti? Tinakhala pansi nthawi yaitali. Ndinawauza kuti chimfine chofatsachi chimangochulukana m'khosi ndi m'matumbo basi, chifukwa kachilomboka kamadalira timadzi tina ta m'thupi topezeka malo okhawo kuti katseguke n'kulowa m'maselo. Koma mitundu iwiri, H5 ndi H7, ikapatsidwa mpata wodumphadumpha kuchoka pa nkhuku iyi kupita pa iyo mukhola lodzaza, imatha kusintha pa kamalo kamodzi kakang'ono, ndipo ikatero imatseguka paliponse m'thupi, mu ubongo, mumtima, m'chiwindi, nkhuku n'kuyamba kugwa ngati masamba. Kusinthako nthawi zambiri kumachitikira m'makola mwathu momwemu, osati ku dambo kwa abakha.

Zinachitikapo kangapo konse. Ku Pennsylvania, America, H5N2 inayamba mofatsa mu 1983, patapita miyezi inalusa, ndipo pomaliza mbalame pafupifupi 17 miliyoni zinaphedwa. Ku Italy H7N1 inazungulira mwakachetechete m'mafamu a nkhukundembo ndi nkhuku kuyambira kumayambiriro kwa 1999, pofika Disembala inali itasanduka yakupha, zoposa 13 miliyoni zinapita. Mexico nayo inaona zomwezi ndi H5N2 mu 1994 ndi 1995. Konseku panali miyezi yomwe alimi ankati ndi kachimfine chabe. Ndipo kufatsa kwa nkhuku sikutanthauza kufatsa kwa munthu, H7N9 yomwe inabuka ku China mu 2013 nkhuku sizinkaonetsa kudwala kulikonse m'misika koma inapha anthu oposa 600. Apa ndi pomwe bambowo anafunsa ngati anyamata awo ali ndi zotseka kukamwa ndi magolovesi okwanira. Analibe.

Iwo anaganiza zoti angokawombera abakhawo, nkhani ithe. Ndinakana. Ukawabalalitsa amangokatera pa dziwe la mnzako atanyamula zomwezo, ndipo mawa kubwera ena, komanso wowomberayo ndi amene abwerere kukhola ndi matope a ku damu. Pena anthu timaiwalanso kuti msewu umenewu ndi wopita uku ndi uku. H5N1 yomwe yasautsa dziko lonse inapezeka koyamba mwa atsekwe oweta ku Guangdong, China, mu 1996, kenako inabwerera kutchire, mu 2005 inapha mbalame zakutchire zikwizikwi pa nyanja ya Qinghai ku China komweko, n'kuyamba kuuluka nazo kupita mayiko ena. Ndiye manyowa a nkhuku omwe anawaunjika pamtunda pa damu aja, mvula ikagwa akutsetserekera kwa abakha omwewo.

Lachinayi linali la foni ndi mapepala, lotopetsa koma ndi lomwe limandiopsa kuposa damu. Galimoto ya mazira imazungulira mafamu angapo tsiku limodzi, mathileyi a pepala amabwerera kuchokera kwa ogula atasakanikirana ndi a eni ake ena, ena ali ndi zitosi zouma, ndipo pepala sungalitsuke. Adilaiva anandiuza mosabisa kuti matayala amawapopera akaona kuti bwana alipo. Panalinso nkhuku zokalamba zomwe zinagulitsidwa zamoyo sabata ziwiri zapitazo, osalemba kuti wagula ndani. Zimenezo sitinazipeze.

Zotsatira zinafika Lachisanu madzulo: chimfine cha mbalame chilipo, koma si H5 kapena H7. Amanijala anapuma mpweya wautali n'kufunsa ngati geti litsegulidwe mawa. Ndinati ayi, dikirani kaye, masampulo apita kukaunikidwa mtundu wake weniweni, ndipo ngakhale mitundu yomwe si H5 kapena H7 siisanduka yakupha motero, imatsegulira khomo mabakiteriya monga E. coli, mazira amatenga nthawi kuti abwerere, komanso ina ngati H9N2 ikakhazikika m'dera kuichotsa kwake n'kovuta, mayiko ambiri a ku Asia ndi Middle East akulimbana nayo mpaka lero.

Tinagwirizana zochepa zotheka msanga. Paipi ya ku damu yadulidwa, thanki yatsukidwa n'kuthiridwa kolorini, pampu ikukonzedwa, khola lililonse likhale ndi magambuti ake osatuluka panja, mabowo a waya atsekedwe, manyowa asamutsidwe n'kuphimbidwa. Pa mathileyi tinakanganabe, eni famu akuti apulasitiki ndi odula ndipo ogula sabweza. Lolemba ndikubwereranso kukatenga magazi m'makola awiri omwe sanaonetse chizindikiro chilichonse, komanso kukaona famu yoyandikana nayo yomwe galimoto ija imayambira isanafike kuno.