Dzira lopanda mkango

Kwathu ku Ntcheu dzira timalikazinga mpaka lisiye mwano. Mafuta ambiri, anyezi, tomato, kulitembenuza uku ndi uku mpaka m'mbali mwake muderere. Ndiye nditapeza ntchito panyumba ina yosamalira okalamba mumzinda wa Leicester ku Mangalande, pa nkhani ya mazira ndinkadziyesa mphunzitsi.

Tsiku lachitatu anandituma kukagawa kadzutsa. Nditavundukula mbale yoyamba, mtima unangoti myu! Choyera chapsa bwinobwino, koma chachikasu chili ndengundengu ngati diso la ng'ombe, ukagwedeza mbale nachonso n'kumagwedezeka. Mbale zonse 7 chimodzimodzi. Ndinati wophikayu wagona kumowa, atiphera agogowa. Nditaona kuti watuluka kukasuta, ndinazemba nazo mbalezo n'kuwabwezera onse pachiwaya. Kutembenuza, kupsinja ndi supuni, kutembenuzanso. Ndinakagawa ndikuyenda monyang'wa ngati munthu wopulumutsa mudzi.

Gogo wina wazaka 91 anayesa kuviika kachidutswa ka buledi wowotcha m'dzira lake, buledi n'kuthyoka. Analigogoda ndi foloko, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mnyamata iwe, ili ndi dzira kapena chidendene cha nsapato?"

Posakhalitsa belu linali kulira chipinda chilichonse. Mayi woyang'anira anandiitanira kukhitchini komwe wophika anali atagwira kale m'chiuno. Anandiphunzitsa ngati mwana wa sitandade 1. Lokazinga mbali imodzi, chachikasu chili poyera, amati sunny side up. Anthu a ku America ali ndi mayina enanso: ukalitembenuza kamphindi chabe, m'kati mukadali madzi, ndi over easy, likayamba kugwirana ndi over medium, likaumiratu ndi over hard. Ndinafunsa kuti nanga langa lija ndi liti. Wophika anati limenelo sanalipezere dzina.

Koma nane ndinapitako kusukulu. Ndinati, "Amayi, nanga salmonella, tizilombo totsegulitsa m'mimba tija? Okalamba ngati awa ndiwo sachedwa kugwa nayo." Sanakane. Anangotola dzira m'thireyi n'kundisonyeza chidindo chofiira cha mkango pachikhokhombe chake. Anati chiyambire 1998 nkhuku zoikira mazira a chidindo chimenechi zimalandira katemera wa salmonella, ndipo mu 2017 bungwe la boma loona za chakudya la Food Standards Agency linalola kuti makanda, amayi oyembekezera ndi okalamba azidya mazira otere ngakhale chachikasu chikuyenderera. Ndinakumbuka agogo anga amene ankakaniza mayi wapakati dzira ngakhale lowiritsa, ati mwana abadwa wadazi. Ndinangosunga mumtima.

Gogo wa chidendene uja ndiye anadzandimalizira nkhani masana. Anati mu Disembala 1988 Edwina Currie, yemwe anali nduna yaing'ono ya zaumoyo, ananena pa TV kuti mazira ambiri a dzikolo ali ndi salmonella. Anthu analeka kugula mazira, alimi anakalipa, ndipo mwezi usanathe mayiyo anatula pansi udindo. "Dzira linachotsa nduna pampando," anatero gogoyo, "iwe ndiwe ndani?"

Chinandipweteka n'chakuti nditalawa, ndinalikonda. Kuthira kamchere, kuboola pakati, kukombeza ndi buledi. Zaka ziwiri ndinkadya chotero.

Tsono nditabwera kutchuthi ndinafuna kuonetsa abale kuti munthu wayenda. Lachisanu m'mawa ndinakwawira kunsi kwa nkhokwe n'kutola mazira awiri a thadzi lathu lamawanga. Anali ndi tizitosi m'mbali, ndipo tsiku limene anaikiridwa ankalidziwa ndi thadzi lokha. Ndinawaswera pachiwaya pamafuwa, mbali imodzi basi, n'kuwatengera amayi pakhonde.

"Amayi, talawani. Uku ndiye kudya kwa ku Mangalande."

Anasuzumira m'mbale, n'kubweza mutu. "Nkhuni zatha?"

"Ayi, limadyedwa chonchi."

"Iwe, ngakhale galu akaba dzira laliwisi timam'menya. Chotsa apa."

Ndinadya onse awiri pamaso pawo, n'kunyambita zala kuti alongo anga aone. Za mkango uja sizinandibwerere m'mutu n'komwe. Tizilomboti timatha kukhala pachikhokhombe kapena m'kati mwenimweni mwa dzira, ndipo timafa dzira likapsa mpaka choyera ndi chachikasu zonse zitalimba. Zonsezi ndinkazidziwa, mayeso a ukhondo wa chakudya kuntchito ndinakhoza bwino. Ndinkadziwanso kuti sitithamanga: timatha kudikira maola 6 kapena masiku angapo.

Ine tinandidikira mpaka Loweruka, ndili mu minibasi yopita ku Blantyre, mpando wakumbuyo kwenikweni, thumba la mbatata lili pamiyendo. Titangodutsa pa Chingeni m'mimba munayamba kulira ngati chigayo cha dizilo. Thukuta lili kamukamu, ine nditavala jekete la ku Leicester. Ndinapirira, ndinapemphera, ndinawerenga mitengo. Tisanafike pa Zalewa ndinakuwa:

"Adalaivala, taimani!"

"Palibe siteji pano, bwana," anatero kondakitala.

"Achimwene, mukapanda kuima siteji ikhala momwe muno!"

Anthu anandipatsa njira mwaliwiro lomwe sindinalionepo mu minibasi. Tchire la kumeneko ndi lapatalipatali, mitengo yake yothothoka masamba, ndipo ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Ndi uja amatiuza za ku UK uja." Tinaimanso kawiri tisanafike ku Lunzu.

Masiku anayi ndinagona kwa mlamu wanga ku Ndirande ndikumwa Thanzi ORS. Amayi anaimba foni, ndipo ndinayesa kuwafotokozera za katemera wa nkhuku ndi chidindo cha mkango. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye mkangowo unausiya komweko?"

"Eya."

"Chabwino. Thadzi lija layamba kufungatira otsalawo. Ukamabwera ugule shuga."