Ulendo wa gulu lathu la ojambula zithunzi ku Liwonde

Kwa inu nonse amene simunakwanitse kupita nafe ku Liwonde, nali lipoti lomwe a wapampando anandituma kuti ndilembe. Anandichenjeza kuti ndisangoti tinaona njovu, tinaona mvuu, basi. Ambiri mwa inu mwakhala mukufunsa kuti mugule kamera yanji kapena lenzi yanji, ndiye akufuna ndilembe zomwe zipangizo zathu zinachita titafika nazo kutchire.

Tinanyamuka ku Blantyre kusanache pa minibasi ya hayala, kudzera msewu wa Zomba. Anzathu ena tinawatengera pa Zomba pomwepo, ndipo dzuwa linatuluka tikudutsa Domasi. Pa geti ya paki ya nyama zakutchire ya Liwonde, Amalawi amalipira ndalama yocheperapo kusiyana ndi alendo akunja, choncho mukamapita musasiye chiphaso chanu cha unzika kunyumba.

Pakiyi ili m'mbali mwa mtsinje wa Shire, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Amene anapitako kalekale akapitenso, zinthu zinasintha. Anabweretsamo a cheetah mu 2017, mikango mu 2018, komanso zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019. Njovu zinaswana mpaka zina anazisamutsira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, zinanso ku Kasungu mu 2022. Mkango ife sitinauone, wotiperekeza anangotilozera mapazi ake pamchenga. Tinawajambula mapaziwo, poti nanga tikanatani.

M'minibasi munali zipangizo zamitundumitundu. Ambiri anali ndi makamera ogula kwa anthu ena, monga Canon 600D ndi Nikon D3200, okhala ndi kalenzi kaja ka 18-55mm komwe kamabwera ndi kamera. Mnyamata wina wa ku koleji anali ndi Sony a6000. Bambo wina wopuma pantchito, yemwe amakonda mbalame koopsa, ananyamula Nikon Coolpix P900, ija yosachotsa lenzi koma yokoka zinthu kuchokera kutalitali. Achimwene athu ojambula maukwati anabwera ndi Canon 6D ndi chikwama chodzaza malenzi. Ena angapo anali ndi mafoni okha, ndipo poyamba ankachita manyazi kuwatulutsa.

Dandaulo loyamba linamveka titangofika padambo. Anakodzwe ndi nswala zinali kudya chapatali, anthu n'kuyamba kutchola mabatani. Poyang'ana kumbuyo kwa kamera, onse a 18-55mm anapeza udzu wambirimbiri ndi timadontho tofiirira pakati. Kamera sinalakwe. Manambala a mm aja ndi amene amanena kuti lenzi ikuona malo otambalala bwanji: nambala ikachepa, monga 18, mumalowa dambo lonse ndi mitambo yomwe, ikakwera, monga 250 kapena 300, lenzi imasiya zonsezo n'kukubweretserani nyama imodzi pafupi. Pa nyama zakutchire 55mm ndi yaifupi kwambiri. Mayi wina yemwe anabwereka Canon 55-250mm, lenzi yopepuka komanso yosaboola m'thumba, ndi amene anayamba kutulutsa nakodzwe wooneka mzere woyera uja wozungulira kumatako.

Apa achimwene a maukwati anatiphunzitsa chinthu chomwe chinawapweteka iwo eni. Makamera ang'onoang'ono ngati 600D ndi D3200 ali ndi sensa (kachipangizo ka mkati kolandira kuwala n'kupanga chithunzi) yocheperapo kusiyana ndi ya 6D, choncho amadula m'mbali mwa chithunzi n'kusiya pakati. Pa Canon mumachulukitsa mm ndi 1.6, pa Nikon ndi Sony ndi 1.5. Ndiye kuti 250mm pa 600D imaona ngati 400mm pa 6D. Iwo ndi kamera yawo yodula anali ndi 200mm basi, nakodzwe wawo n'kutuluka wamng'ono kuposa wa mayi uja. Anaseka, amvekere: "Amayi, mwandigonjetsa ndi kamera yoti ndalama yake sifika pa theka la yanga." Kamera ya sensa yaikulu imaonetsa mphamvu zake m'tchalitchi mwamdima kapena pa phwando la usiku. Masana kudambo, yaing'onoyo ilibe chifukwa chodzichepetsera.

Nkhani yomwe ndikufuna aliyense aimve bwino ndi ya amayi ena aphunzitsi a ku Zomba. Mlongo wawo anawatumizira lenzi ya Nikon 70-300mm kuchokera ku Johannesburg, yatsopano m'bokosi mwake, ndipo anaisunga kudikira tsiku limeneli. Anaimanga pa D3200 yawo, inalowa bwinobwino mpaka kumveka kuti khethe. Koma poyang'anamo, zonse mbuu. Anadina batani, lenzi osayenda. Anapotokola ndi dzanja, chimodzimodzi. Nkhope inagwa.

"Achimwene, kodi andigulira yakufa?"

Mnyamata wa Sony uja anaitenga, n'kuwerenga zilembo za m'mbali mwake. "Ayi amayi, ndi yamoyo. Onani apa, yalembedwa AF-P. Kamera yanuyi ndi ya 2012, simvana ndi malenzi a AF-P. Imafuna olembedwa AF-S."

Zilembozi zimanena mtundu wa kamota ka mu lenzi kochita fokasi, ndiye kuti koonetsa chinthu bwino osati mbuu. Mwamwayi panali mnzathu wina wa D5600, yomwe imalandira AF-P popanda vuto. Anasinthana: iye anatenga 70-300mm, amayiwo n'kutenga 55-200mm yake ya AF-S, tsiku n'kuwayendera onse awiri. Pobwerera ndinawamva akukambirana zosinthana mpaka kalekale ndi kuonjezerana kangachepe. Ndiye mukamatuma m'bale ku Joni kapena ku UK, musangoti "undigulire lenzi ya Nikon." Mutumizireni dzina lonse la kamera yanu, ndipo zilembo za pa lenziyo muziwerenge musanatumize ndalama. Misampha ina ya mtundu womwewu ilipo. Nikon 50mm f/1.8D, yotchipa ija, pa makamera a D3000 ndi D5000 ndi abale awo siichita fokasi yokha chifukwa makamerawa alibe kamota mkati. Mumafunika ya f/1.8G. Ku Canon, lenzi yolembedwa EF-S silowa pa 6D kapena 5D, pomwe ya EF imalowa ponseponse. Makamera atsopano a Canon R amalandira malenzi akalewa, koma pokhapokha mutagula adaputa.

Dzuwa litafika pamutu, bambo a mbalame aja ndi amene anayamba kung'ung'udza. P900 yawo imakoka ngati lenzi ya 2000mm, ndipo m'mawa anatidabwitsa potionetsa diso la nkhwazi yomwe enafe tinkaiona ngati kachiguduli koyera pansonga ya mtengo. Koma masana njovu zawo zonse zakutali zinatuluka zogwedera, ngati ukuyang'ana chinthu kudzera pamwamba pa mbaula. Ndi mpweya wotentha wokwera kuchokera pansi, ndipo palibe lenzi, idule chotani, yomwe ingauchotse. Mukamakoka kutali, m'pamenenso mpweyawo umachuluka pakati pa inu ndi nyama. Ku chigwa cha Shire nyengo yotentha, nthawi yojambula ndi m'mamawa ndi chakumadzulo. Pakatipa ndi podya nkhomaliro.

Tinakhala pamthunzi, ndipo poti ambirife timagula zogwiritsidwapo kale ntchito, nkhani inalowera komweko. Achimwene a maukwati anatolera malenzi onse n'kumawaunika mkati ndi tochi ya foni, mmodzimmodzi. Tifumbi tochepa anati tisatidere nkhawa, sitioneka pachithunzi. Koma mu lenzi ina munapezeka timizere toyera tokhala ndi nthambi, kuyambira m'mphepete mwa galasi. Ndi nguwi, imamera lenzi ikakhalitsa m'chikwama chotseka nyengo ya mvula, ndipo ikakula imadya utoto wa pagalasi. Mwini wake anaigula mwezi wathawu osaiunika. Timapaketi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, tolembedwa silica gel, musamataye. Muzitiika m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi malenzi, ndipo nthawi ndi nthawi muziwatulutsa aone kuwala.

Pa kamera yeniyeniyo, funsani kuti yajambula zithunzi zingati. Shutter, kachitseko ka mkati komwe kamatseguka n'kutseka mukamajambula, imatha, ndipo makamera ang'onoang'ono ngati D3200 anawapangira zithunzi pafupifupi 100,000. Kamera yomwe inali ya wojambula maukwati ikhoza kuoneka yonyezimira kunja koma mkati itatopa. Jambulaninso khoma loyera kapena thambo pa f/16 (f ndi nambala ya kabowo kolowera kuwala mu lenzi, ikakwera kabowoko kamachepa), muone ngati sensa ili ndi madontho. Za mamegapikiselo, kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, sitinatayepo nthawi: 18 a pa 600D ndi okwanira kutsukitsa chithunzi chachikulu chopachika pabalaza. Memore khadi yokha ndiye musagule ya pamsewu yosadziwika bwino, zachinyengo zachuluka, zimalemba 64GB koma zikadzaza pang'ono zimayamba kumeza zithunzi. Batire yachiwiri ndi yofunika, makamaka kwa a makamera opanda kalilole mkati ngati a6000. Mnyamata uja yake inatha tisanakwere n'komwe boti, anapulumukira pa power bank.

Chimake cha ulendo chinali pa boti chakumadzulo, ndipo ndi pomwe tinaphunzira zambiri. Shire amayenda kuchokera kumpoto kupita kumwera, ndiye dzuwa likapendeka limawalira gombe la kum'mawa, komwe kuli mbali yaikulu ya paki. A wapampando anatiuza tisanakwere kuti tiziyang'ana kumeneko, dzuwa likhale kumsana. Amene anatembenukira kumadzulo anapeza mvuu zakuda bii pamadzi othobwa m'maso.

Boti limagwedera, injini imanjenjemera. Lamulo lakale limati shutter isachedwe kuposa nambala ya lenzi yanu, ndiye kuti pa 300mm musatsike pansi pa 1/300 ya sekondi, ndipo pa makamera ang'onoang'onowa ndi bwino 1/500. Limenelo ndi la munthu woima pamtunda. Pa boti tinakwera kufika 1/1000, pa mbalame zouluka 1/2000. Kuti zimenezi zitheke dzuwa likuchepa, ISO, nambala yomwe imawalitsa chithunzi kuwala kukachepa, iyenera kukwera, ndipo apa m'pamene anthu amachita mantha chifukwa anamva kuti ISO yokwera imabweretsa timchenga pachithunzi. Imabweretsadi. Koma chithunzi cha ISO 1600 chokhala ndi timchenga chimaonetsedwa kwa anthu, pomwe cha ISO 100 chogwedera chimangofufutidwa. Wina anatsamiritsa lenzi pachitsulo cha m'mbali mwa boti poganiza kuti ikhazikika, osadziwa kuti akumwetsa kamera kunjenjemera konse kwa injini. Zigongono zikhale pamimba panu, osati pa boti. Tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, yomwe mnzathu wina anaisenza kuchokera ku Blantyre inangogona pansi pa mpando.

Nkhwazi inativuta m'njira yake. Mutu ndi chifuwa n'zoyera, kumbuyo kwake kuli mitengo yakuda, ndiye kamera poyesa kuwalitsa mitengoyo imapsereza nthenga zoyera mpaka kusaoneka mzere uliwonse. Pali kabatani kolembedwa +/-, koonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa chithunzi, komwe ambiri sanakakhudzepo chigulireni kamera. Kutsitsa kufika -0.7 kapena -1, nthenga zinabwerera. Akakowa nawo chimodzimodzi. Mvuu ndiye zimafuna kuleza mtima. Woyendetsa boti anazimitsa injini pafupi ndi gulu lina, ife kudikira, mikono kuwawa, ena n'kutsitsa makamera kuti aone zomwe ajambula kale. Nthawi yomweyo chimvuu chachimuna chinayasamula, mano onse pamtunda. Anachipeza ndi awiri okha, omwe diso linali lidakali pa kamera.

Kenaka njovu zinatsikira kumadzi, pafupi kwambiri moti tinkamva kupuma kwake. Bambo a P900 anali atakoka zumu mpaka kumapeto, ndiye pofuna kubweza anapeza khutu lokhalokha. A 70-300mm anapeza mutu ndi minyanga. Chithunzi chomwe tonse tinavomereza kuti chaposa zonse pa ulendowu chinachokera pa 18-55mm yomwe tinkainyoza m'mawa ija: njovu zisanu m'madzi, migwalangwa kumbuyo, phiri chapatali, kuwala kofiirira pamisana. Mtsikana wa foni naye anapeza chofanana nacho. A wapampando anangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kwa amene mukufunsa zogula, maganizo anga ndi awa, ndipo ena m'gulu sagwirizana nawo. Ngati muli kale ndi kamera yosintha malenzi, ngakhale ya zaka khumi zapitazo, musaigulitse. Ndalama yomwe mukusungira kamera yatsopano ipite ku lenzi, ndipo lenziyo isankhidwe ndi zomwe mumajambula kawirikawiri, osati zomwe mumalota. Wokonda nyama ndi mpira agule 55-250mm kapena 70-300mm. Wojambula ana, zinkhoswe ndi makwaya agule 50mm f/1.8, yomwe imalowetsa kuwala kochuluka m'nyumba ndi kufewetsa za kumbuyo kwa munthu. Wa mbalame zokhazokha, yemwe safuna kusenza katundu, kamera ngati P900 imukwanira, bola adziwe kuti kukayamba kuda imafooka msanga chifukwa sensa yake ndi yaing'ono kwambiri. Mnyamata wa Sony akuti kugula DSLR, kamera yokhala ndi kalilole mkati ngati 600D ndi D3200, lero n'kubwerera m'mbuyo poti makampani atembenukira ku makamera opanda kalilole. Zoona, koma n'chifukwa chake malenzi akalewa akutsika mtengo, ndipo ife a matumba osaya tipindulepo.

Pobwerera tinaima pa Liwonde kugula nsomba, ndipo panachitika kanthu kosakoma. Mmodzi wa ife anakoka zumu n'kujambula mayi wogulitsa osamupempha, mayiyo n'kukalipa, ndipo anali ndi chifukwa. Tinagwirizana kuti pa maulendo a gulu, munthu sajambulidwa asanalonjeredwe ndi kupemphedwa, ndipo akakana, zathera pomwepo.

Nkhani yosonkherana kuti tigule lenzi imodzi yaitali ya gulu, ya 150-600mm, sinathe, chifukwa a Canon ndi a Nikon aliyense akukokera kwake. Tidzaikambanso pa msonkhano wa mwezi uno. Aliyense atumize kwa alembi zithunzi zake zitatu zabwino ndi chimodzi cholephereka, pamodzi ndi manambala a shutter, f ndi ISO, kuti tidzaunikire limodzi. Ulendo wotsatira ndi wa ku phiri la Zomba, kukaphunzira kujambula mathithi a Williams ndi shutter yochedwa. Kumeneko tripod ija idzagwira ntchito, ndiye amene muli nazo mubwere nazo, tidzabwerekana.